Ndalama Zikachepa, Asankhe Ndani?

Palibe mudzi, mzinda kapena bungwe limene linakhalapo ndi chuma chokwanira zosowa zake zonse. Kuno akufuna mjigo, uko akufuna mlatho, kwinaku ana akuphunzirira pansi pa mtengo, koma m'thumba muli ndalama za ntchito imodzi yokha. Zikatere pamafunika wina wonena kuti tiyambe ndi ichi, icho chiyembekeze. Kwa zaka zambirimbiri wonenayo anali bwana wa mu ofesi kapena mwini ndalama, ndipo anthu osowawo ankangomva zimene zagamulidwa kale. Koma kuyambira mu 1989 maganizo ena afalikira m'maiko ambiri, akuti eni ake asonkhane, akambirane, naponye voti posankha ntchito yoyenera kulandira thandizo. Mbiri ya njira imeneyi ili ndi zokoma ndi zowawa zomwe. Nkoyenera kuti tiidziwe, popeza nafenso timaitanidwa kawirikawiri kukakweza manja pa misonkhano ya chitukuko, ndipo pa dzanja lokwezedwalo pamakhala moyo wa mwana wa mnzathu.

Nkhani yathu iyambira ku Porto Alegre, likulu la chigawo cha Rio Grande do Sul kummwera kwa dziko la Brazil, mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi. Kuyambira 1964 mpaka 1985 dziko la Brazil linali m'manja mwa asilikali. M'zaka zimenezo anthu ambiri anachoka kumidzi nakamanga zisakasa m'mphepete mwa mizinda, m'mapiri ndi m'madambo, kopanda madzi a m'mipope, kopanda ngalande zotayira zonyansa, kopanda msewu woti basi nkudutsamo nthawi ya dzinja. Ofuna msewu kapena mpope ankayenera kukagwada kwa wandale wamphamvu, ndipo iyeyo ankapereka thandizolo ngati mphatso yochokera m'thumba mwake, malipiro ake ali voti pa chisankho chotsatira. Dera lopanda bwenzi lamphamvu linkangoiwalika.

Komatu m'zaka zomwezo amphawiwo anaphunzira kusonkhana. Msonkhano wa aepiskopi a ku Latin America umene unachitikira ku Medellín mu 1968 unalimbikitsa timagulu ta akhristu ta m'madera, tofanana ndi miphakati kapena malimana athu, ndipo ku Brazil timaguluti tinachuluka kufika zikwi zambiri. Anthu ozolowera kukhala pansi pamodzi ndi kufunsana za moyo wawo sanachedwe kufunsananso chifukwa chimene ana awo ankafera ndi matenda otsekula m'mimba pamene a m'madera a olemera ankakula bwino. Pambali pa timagulu ta Mpingo panali mabungwe a antchito ndiponso mabungwe a anthu okhala dera limodzi. Mu 1983 mabungwe a m'madera a ku Porto Alegre analumikizana napanga mgwirizano wotchedwa UAMPA. Posakhalitsa atsogoleri ake anayamba kunena poyera kuti kupempha msewu umodziumodzi nkutaya nthawi, ndi kuti anthu wamba ayenera kukhala ndi mawu pa kagawidwe ka ndalama za mzinda wonse.

Pa chisankho cha 1988 Olívio Dutra, amene kale ankatsogolera bungwe la ogwira ntchito m'mabanki, anasankhidwa kukhala mfumu ya mzindawo. Anaimira chipani cha antchito chotchedwa PT. Atalowa mu ofesi mu 1989, iye ndi anzake anayambitsa njira imene pa Chipwitikizi anaitcha Orçamento Participativo, ndiye kuti ndondomeko ya chuma yokonzedwa pamodzi ndi anthu. Chiyambi chake sichinali chosangalatsa. Anthu anabwera natchula zosowa zawo zonse, mndandanda unatalika, koma pafupifupi ndalama zonse za mzinda zinkathera ku malipiro a antchito ake. Zolonjezedwazo sizinaoneke, anthu anagwa mphwayi, ndipo mu 1990 amene anafika pa misonkhano sanakwane ndi 1,000 omwe. Akuluakulu a mzinda anayenera kuyamba akonza kasonkhetsedwe ka misonkho, makamaka ya nyumba ndi malo. Anathandizidwanso ndi malamulo atsopano a dziko a 1988, amene anaonjezera ndalama zopita ku mizinda. Phula litayamba kuoneka m'misewu imene anthu anasankha okha, misonkhano inadzaza, kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu zikwi makumi angapo ankatengako mbali chaka ndi chaka. Phunziro loyamba ndi limeneli: munthu wotopa ndi ntchito ya tsiku lonse amapita ku msonkhano wa madzulo pokhapokha ataona kuti mawu ake a chaka chatha anasanduka msewu.

Tsono tione m'mene zinkayendera. Mzinda unagawidwa m'zigawo 16. Chaka chilichonse m'chigawo chilichonse munkachitika msonkhano waukulu, wolowa aliyense, ndipo ntchito yoyamba inali yakuti mfumu ya mzinda ndi alangizi ake aime pamaso pa anthu nafotokoze za ntchito zimene zinalonjezedwa chaka chapitacho: yatha ndi iti, yatsala ndi iti, ndipo yatsaliranji. Panalinso timisonkhano ta m'madera, m'masukulu ndi m'nyumba zosonkhanira, kumene anthu oyandikana ankatsutsana za chimene chili chofunika koposa. Kenaka chigawo chonse chinkaponya voti pa mitu ikuluikulu monga ngalande, misewu, nyumba, mapepala a umwini wa malo, sukulu ndi zipatala, nichisankha nthumwi. Chigawo chilichonse chinkatumiza anthu awiri ku bwalo lalikulu la ndondomekoyo, ogwira ntchito chaka chimodzi popanda malipiro. Mu 1994 anaonjezerapo misonkhano yokambirana nkhani zokhudza mzinda wonse, monga za mtengatenga, za umoyo ndi za maphunziro, kuti anthu asamangoganiza za khwalala la pakhomo pawo lokha. Pomaliza pankasindikizidwa kabuku kotchula ntchito iliyonse, malo ake ndi mtengo wake, kuti ngakhale mayi wogulitsa pamsika athe kuloza mzere nkufunsa kuti, nanga ichi chili kuti? Mwalamulo makhansala osankhidwa ndiwo ankavomerezabe ndondomekoyo, koma kunali kovuta kuti afufute chimene anthu zikwizikwi agwirizana poyera.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri otengera njirayi anachiiwala, chonsecho ndicho chinali mtima wake. Ku Porto Alegre kuchuluka kwa manja pakokha sikunkagamula kumene ndalama zipite. Bwalo lija linkayesa zigawo ndi miyeso itatu: chimene anthu a m'chigawocho asankha kukhala choyamba, kuchuluka kwa anthu okhalamo, ndi kukula kwa kusowa kwawo. Pogawa ndalama za misewu, mwachitsanzo, chigawo chimene misewu yake yambiri inali ya fumbi chinkalandira mapointi ochuluka kuposa chimene misewu yake inali ndi phula kale. Choncho dera la anthu ophunzira ndi odziwa kuyankhula silikanatha kusesa zonse pongobweretsa khamu ku msonkhano. Miyesoyo inkadziwika ndi onse mpikisano usanayambe, ndipo nthumwi za anthu zomwezo ndizo zinkaikonza. Kuonjezera apo nthumwi zinkakwera basi nkumayendera madera a anzawo kuti zikaone ndi maso awo. Munthu amene wabwera kudzamenyera phula la m'khwalala lake, akaona ana a dera lina akusewera m'madzi a m'zimbudzi, sabwerera ndi mtima womwe uja. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nzeru ya ku Porto Alegre inali kukonza zinthu mwa njira yakuti womva kupwetekayo afike pachitseko msanga ngakhale ali wofooka.

Zipatso zake zinaoneka. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalemba kuti nyumba zolumikizidwa ku madzi ndi ngalande mumzindawo zinachoka pa 75 mwa 100 zilizonse mu 1988 nkufika pa 98 mu 1997. Mizinda ina yambiri ya ku Brazil inatengera njirayi, ndipo katswiri wa zachuma Sónia Gonçalves, poyerekeza mizinda yoitsata ndi yosaitsata, anapeza mu kafukufuku wake wa 2014 kuti yoitsatayo inkaika ndalama zambiri pa ukhondo ndi umoyo, ndi kuti imfa za makanda zinatsika koposa kumeneko. Izi siziyenera kutidabwitsa. Wandale amakonda chomangidwa chooneka patali, choti nkudulirapo riboni, pamene mayi amene anaikapo mwana m'manda amasankha paipi yokwiriridwa pansi. Mu 1996 msonkhano wa bungwe la United Nations wa za malo okhala, umene unachitikira ku Istanbul, unatchula njira ya ku Porto Alegre pakati pa zitsanzo zabwino za kayendetsedwe ka mizinda. Mu 2001 mzindawo unalandira msonkhano woyamba wa World Social Forum, ndipo alendo ochokera kutali anabwerera kwawo ndi mbiriyo. Mzinda wa Maputo ku Mozambique unayamba kuyesa njirayi mu 2008, dera lina la ku Chicago mu 2009, New York mu 2011, Paris mu 2014, ndipo mu 2017 dziko la Portugal linaiyesa pa ndalama za boma la dziko lonse.

Tisaganize kuti zonse zinali myaa. Osaukitsitsa, amene tsiku losagwira ganyu ndi tsiku logona ndi njala, ankafika ochepa pa misonkhano. Amayi ankachuluka m'misonkhano ya m'madera, koma pa bwalo lalikulu amuna ndiwo ankadzaza mipando kwa zaka zambiri. Atsogoleri ena a m'madera anazolowera udindo nayamba kufanana ndi andale aja amene ankawadzudzula. Choopsa koposa chinali chakuti njira yonseyi inkadalira kufuna kwa mfumu ya mzinda. Chuma cha mzinda chitayamba kuvuta, ntchito zovoteredwa zinayamba kuunjikana osachitidwa. Chipani cha PT chitagonja pa chisankho cha 2004, dzina la ndondomekoyo linasungidwa, misonkhano inapitirira, koma ndalama zoikidwa m'manja mwa anthu zinanka zichepa. Mu 2017 akuluakulu a mzinda anaimitsa misonkhano ija, ponena kuti kulibe ndalama ndipo zolonjezedwa zakale nzambiri. Mmera umene unamerera pa kusunga lonjezo unafota pamene malonjezo analeka kusungidwa.

Mpaka pano takamba za ndalama za boma. Koma maganizo a kuvotera ntchito zothandiza anthu analowanso m'makampani ndi m'mabungwe achifundo, makamaka intaneti itafala, ndipo kumeneko anavala nkhope ina. Mu 2010 kampani ya zakumwa ya Pepsi ku America inaleka kulengeza malonda ake pa mpikisano wotchuka wa mpira wa Super Bowl, nipatula madola 20 miliyoni kuti apite ku ntchito zosankhidwa ndi anthu. Masukulu, mabungwe osamalira odwala, osamalira nyama ndi anthu wamba ankatumiza maganizo awo, ndipo opeza mavoti ambiri pa intaneti mwezi umenewo ankalandira thandizo la pakati pa madola 5,000 ndi 250,000. Mavoti anaponyedwa mamiliyoni ambiri, ndipo ntchito zabwino ndithu zinathandizidwa. Koma munthu ankatha kuvota tsiku ndi tsiku, kotero wopambana ankakhala amene ali ndi omtsatira ambiri pa Facebook ndi nthawi yowakumbutsa m'mawa uliwonse. Mabungwe anayamba kupangana kuti mutivotere nafe tikuvotereni. Panabukanso madandaulo akuti ena ankalemba ganyu anthu owaponyera mavoti. Antchito a timabungwe tating'ono ankatha milungu akupempha mavoti m'malo mosamalira anthu awo, ndipo ambiri anatuluka chimanjamanja. Pulogalamuyo inathetsedwa mu 2012.

Nanga kusiyana kwake kunali pati, poti konseku anthu ankavota? Ovota a pa intaneti sankadziwana, sankamva mbali ya mnzawo, ndipo ambiri sankakhala kumene ntchitoyo ikachitikire. Panalibe muyeso wa kusowa. Bungwe lothandiza akaidi otuluka m'ndende kapena odwala misala linkayenera kupikisana ndi zithunzi zokongola za ana ndi za tiagalu, ndipo tonse tikudziwa kumene chala cha munthu wothamanga chimagwera. Voti yotere imayesa kutchuka, ndipo kutchuka ndi kusowa kawirikawiri sizigona nyumba imodzi.

M'chaka chomwecho cha 2010 anthu ena a mumzinda wa Detroit, umene unasauka mafakitale a galimoto atachepa, anayamba kanthu kakang'ono kotchedwa Detroit SOUP. Anthu ankasonkhana madzulo, aliyense naponya madola 5 pakhomo. Anthu anayi okhala ndi maganizo othandiza mzinda ankapatsidwa mphindi zinayi aliyense kuti afotokoze, nayankha mafunso anayi ochokera kwa omvera. Kenaka onse ankadya msuzi ndi buledi pamodzi, akukambirana zimene amva, naponya voti, munthu mmodzi voti imodzi. Wopambana ankatenga ndalama za pakhomo zija, ndipo ankayembekezeka kudzabweranso tsiku lina kudzafotokoza m'mene anazigwiritsira ntchito. Ndalamazo zinali zochepa zedi poyerekeza ndi za Pepsi, koma ovotawo anali atasonkha okha, atamva onse anayi, ndipo anali oti adzakumananso ndi wopambanayo pamsewu. Ngakhale ogonja sankapita opanda kanthu, pakuti m'chipindamo munkapezeka wina wowabwereka chipangizo kapena wowalozera khomo lina. Njirayi inatengeredwa m'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Britain.

Ife a ku Malaŵi nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Thumba la MASAF litakhazikitsidwa mu 1995, midzi inauzidwa kuti isankhe yokha ntchito imene ikufuna, kaya ndi midadada ya sukulu, mjigo, mlatho kapena chipatala chaching'ono, isankhenso komiti yoyang'anira, nisonkhe njerwa, mchenga ndi mphamvu za manja. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu zinalimbikitsa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, amene timawatcha ma VDC ndi ma ADC. Ana ambiri aphunzira m'zipinda zomangidwa mwa njira imeneyi. Komabe amene takhalapo pa misonkhano yotere tikudziwa kuti nthawi zina chisankho chimakhala chitapangidwa kale dzulo lake m'nyumba ya munthu wolemekezeka, ndipo khamu limangoitanidwa kudzaomba m'manja. Tikudziwanso kuti mayi wamasiye wa kumalire a mudzi, amene amayenda mtunda wautali kukatunga madzi, sayankhula pamaso pa amfumu ndi aphunzitsi pokhapokha wina atamfunsa mwadala, ndi kuti kukweza dzanja motsutsana ndi mwini munda umene ukubwereka nkovuta.

Tsono mbiri yonseyi ikutisiyira mafunso angapo oti tizinyamula popita ku msonkhano uliwonse wosankha ntchito, kaya ndi wa mudzi, wa sukulu, wa bungwe la amayi kapena wa khonsolo ya parishi. Kodi ndalama zimene tikuvoterazi zilipodi, ndipo ndi zingati? Kodi za chaka chatha zafotokozedwa tisanayambe za chaka chino? Kodi tagwirizana muyeso wa kusowa tisanawerenge manja, kuti mudzi waung'ono wopanda madzi usagonje chaka ndi chaka kwa mudzi waukulu wofuna mjigo wachitatu? Kodi tapita kukaona ndi maso athu kumene anzathu akudandaula? Kodi msonkhano waikidwa pa nthawi ndi pamalo poti wolumala, nkhalamba ndi mayi wa mwana wakhanda nkufikapo? Ndipo pamene nkhani ili yoti ena angaope kuonedwa, bwanji osaponya timapepala mobisa m'malo mokweza manja? Mafunsowa sachedwetsa chitukuko. Ku Porto Alegre ndiwo anachititsa kuti anthu a m'zisakasa akhulupirire kuti mzinda ndi wawonso.

Nzoona kuti mutu umodzi susenza denga. Koma omanga nyumba amadziwanso kuti mitu yambiri ikasenza denga mosamvana, ataliatali ndiwo amaloza kumene lipite, ndipo aafupi amangothamangira pansi pake. Kupatsa anthu voti ndi chiyambi chabwino, ndipo tisalole wina kutilanda mwayi umenewu ponena kuti anthu wamba sadziwa chowayenera. Amayi a ku Brazil amene anasankha ngalande anasonyeza kuti amadziwa. Chotsalira kwa ife ndi kuizinga votiyo ndi choonadi pa za ndalama, ndi kumverana, ndi lamulo loika wosowa kwambiri patsogolo. Tsiku limene mudzi wathu udzakweze manja kuvomereza kuti mjigo wa chaka chino upite kutsidya, kwa anzathu amene akumwa pamodzi ndi ng'ombe, ife tidikire chaka chamawa, pamenepo tidzakhala titaphunzira kusankha.